Kodi wina akukuonani kudzera pa kamera ya foni yanu? Mmene mungafufuzire ndi kudziteteza

Foni yam'manja timalowa nayo m'malo amene ngakhale m'bale wathu weniweni amayamba waodira: kuchipinda chogona, kubafa, kwa dokotala, ndi pamene tikukambirana nkhani za m'banja. Ili ndi maso awiri, lina kutsogolo lina kumbuyo, ndiponso khutu limene limamva zolankhulidwa pafupi nayo. Choncho munthu akamada nkhawa kuti mwina wina akumusuzumira kudzera m'foni yake, nkhawayo si yachibwana. Yankho lake ndi kufufuza kwadongosolo, kumene aliyense wodziwa kutsegula Settings angachite yekha atakhala pansi kwa ola limodzi.

Malangizo onsewa atsamira pa mfundo imodzi. Kamera siyatsidwa ndi matsenga, ndipo munthu wamba amene wangodziwa nambala yanu sangakuoneni. Kuti wina aone zimene kamera yanu ikuona, m'foni mwanumo muyenera kukhala pulogalamu imene ikuyatsa kamerayo n'kumatumiza zithunzi kapena mavidiyo kunja kudzera pa intaneti, ndipo pulogalamu yotereyi ili ndi makomo ochepa olowera. Khomo loyamba ndi dzanja lanu lomwe, pamene mwaika pulogalamu yochokera pa linki imene mwatumiziridwa kapena imene mnzanu wakugawirani pa Xender. Lachiwiri ndi dzanja la munthu amene anagwirapo foni yanu kwa mphindi zochepa ili yosakhoma, kaya ndi mwamuna kapena mkazi wanu, chibwenzi, bwana, kapena wokonza mafoni. Lachitatu ndi zolakwika za m'mapulogalamu a foniyo: mu 2019 akatswiri a kampani ya Checkmarx anaonetsa kuti pulogalamu ya kamera ya m'mafoni a Google ndi Samsung inali ndi vuto limene linkalola pulogalamu ina kujambula zithunzi ndi mavidiyo popanda chilolezo cha kamera, ndipo makampaniwo anakonza vutolo. Kwa ambiri a ife, makomo awiri oyambawo ndi amene ayenera kutidetsa nkhawa kwambiri, ndipo ubwino wake ndi wakuti wolowera pamenepo amasiya mapazi ooneka.

Musanachotse kalikonse

Ngati mukukayikira munthu amene mumakhala naye nyumba imodzi, kapena amene anakuopsezanipo kale, musathamangire kufufuta. Mapulogalamu aukazitape amene amagulitsidwa kwa anthu ofuna kulonda anzawo amatumiza zonse ku tsamba limene wolondayo amatsegula, ndipo pulogalamuyo ikangosiya kutumiza iye amadziwa kuti mwatulukira. Kwa munthu wankhanza, imeneyo ndi nthawi imene ukali wake umakula. Bungwe la Coalition Against Stalkerware, limene linakhazikitsidwa mu 2019 ndi makampani a chitetezo cha pa intaneti pamodzi ndi mabungwe othandiza ochitiridwa nkhanza, limalangiza kuti munthu ayambe waganizira za chitetezo cha moyo wake asanakhudze pulogalamuyo. Uzani munthu amene mumamukhulupirira, ndipo muuzeni pamaso kapena pa foni ina, osati pa foni imene mukuikayikirayo. Chilichonse chachilendo chimene mupeze m'magawo otsatirawa muchijambule ndi foni ina, chifukwa chithunzi chosungidwa m'foni yolondedwa chikhoza kuonedwa ndi wolondayo. Pamene mukufufuza, mukhoza kuzimitsa data ndi Wi-Fi kuti pasatuluke kanthu kwa kanthawi.

Gawo loyamba: zolowerani kuona kadontho kobiriwira

Tsegulani Settings, pitani pa About phone, muone nambala ya Android imene foni yanu ikuyendera. Kuyambira pa Android 12, imene inatuluka mu 2021, foni imaonetsa kachizindikiro kobiriwira pamwamba kudzanja lamanja nthawi iliyonse imene kamera kapena maikolofoni yayatsidwa. Kamayamba ngati kachithunzi ka kamera, kenako kamachepa n'kusanduka kadontho. Mukakokera sikirini pansi n'kukadina, foni imakuuzani dzina la pulogalamu imene ikugwiritsa ntchito kamerayo. Pa iPhone zimenezi zinayamba ndi iOS 14 mu 2020: kadontho kobiriwira kamatanthauza kamera, ka mtundu wa lalanje kamatanthauza maikolofoni yokha, ndipo dzina la pulogalamu limaoneka pamwamba mukatsegula Control Center.

Yesani panopa. Tsegulani kamera, muone pamene kadonthoko kakuwala, kenako tsekani muone kakuzima. Mukatero maso anu adzakazolowera, ndipo tsiku limene kadzawale mukuwerenga uthenga kapena foni ili phee patebulo mudzazindikira msanga. Si kuwala kulikonse kumene kuli koopsa, pakuti WhatsApp, Instagram ndi mapulogalamu owerenga ma QR code amayatsa kamera mukangokhudza malo ena mwangozi. Chofunika ndi dzina limene latuluka ndi nthawi yake. Muyenera kudziwanso malire a chizindikirochi: foni ya Android 11 kapena yakale kuposa pamenepo nthawi zambiri ilibe kadonthoka, ndipo pulogalamu imene yalanda mphamvu zonse za foni ikhoza kukabisa. Kadontho kakawala mosayembekezereka pali chifukwa chofufuzira, koma kusawala kwake pakokha sikutsimikizira kuti zonse zili bwino.

Gawo lachiwiri: werengani mbiri ya kamera

Simungakhale maso pa sikirini usiku wonse, koma foni imasunga mbiri. Pa Android 12 kupita m'tsogolo, pitani pa Settings, kenako Privacy kapena Security and privacy, mupeze Privacy dashboard. Mayinawa amasiyana pang'ono pakati pa Samsung, Tecno, Itel, Infinix ndi mafoni ena, choncho ngati simukupeza lembani mawu akuti privacy m'kabokosi kofufuzira ka pamwamba pa Settings. Mukadina Camera mudzaona mapulogalamu onse amene anayatsa kamera m'maola 24 apitawa, ndi nthawi yeniyeni imene anachitira zimenezo. Yerekezani mndandandawo ndi zimene mukukumbukira. Ngati ukusonyeza kuti kamera inayatsidwa 2 koloko usiku inu muli m'tulo, lembani dzina la pulogalamuyo. Chitani chimodzimodzi pa Microphone ndi Location, chifukwa kazitape amene akufuna nkhope yanu amafunanso mawu anu ndi kumene muli.

Pa iPhone chida chofanana nacho chimatchedwa App Privacy Report, chinabwera ndi iOS 15.2, ndipo chimapezeka pansi pa Privacy and Security. Chimasunga mbiri ya masiku 7, koma chimayamba kulemba pokhapokha mutachiyatsa, choncho chiyatseni lero kuti mudzakhale ndi chowerenga sabata yamawa.

Gawo lachitatu: landani zilolezo

Pamalo omwewo pali Permission manager. Tsegulani Camera muone mapulogalamu onse amene munawapatsa chilolezo, ena mwa iwo zaka zapitazo pamene munangodina Allow kuti uthengawo uchoke pamaso. Pa pulogalamu iliyonse dzifunseni ngati ntchito yake ikufunadi kamera. Pulogalamu ya tochi, yoimbira nyimbo, yowerengera masamu, ya masewera, kapena yolonjeza kuyeretsa foni ndi kusunga batire ilibe chifukwa choonera nkhope yanu, ndipo muisankhire Don't allow. Amene mumawagwiritsa ntchito mwa apo ndi apo muwaikire Ask every time, njira imene inayamba ndi Android 11. Musaope kulakwitsa, chifukwa pulogalamu yabwino ikadzafuna kamera idzapemphanso.

Pali khomo lina limene ambiri saliganizira, ndilo Chrome. Tsamba la pa intaneti likhoza kupempha kamera, ndipo pali malinki achinyengo amene amalonjeza data yaulere, ntchito kapena mphoto, amene mukangovomera amakujambulani ndi kamera yakutsogolo. Tsegulani Chrome, pitani pa Settings, Site settings, Camera, muchotse tsamba lililonse limene simukulidziwa.

Gawo lachinayi: fufuzani m'malo obisalira

Apa ndi pamene pakufunika kudekha kwambiri, chifukwa pulogalamu yaukazitape siika chithunzi chake pa sikirini pamodzi ndi anzake. Imabisala, ndipo imavala dzina looneka ngati la foni yeniyeniyo, monga System Service, Device Health kapena Sync Service. Pitani pa Settings, Apps, musankhe kuona mapulogalamu onse, muwerenge mndandandawo kuyambira pamwamba mpaka pansi osadumpha. Mukapeza dzina lokayikitsa, litsegulireni tsamba lake muone zinthu zitatu. Choyamba, zilolezo zake: pulogalamu imene yatenga kamera, maikolofoni, mauthenga, manambala a anthu ndi malo, zonse pamodzi, koma inu simunaitsegulepo, ndi yoyenera kuikayikira. Chachiwiri, pansi pa tsambalo mafoni ambiri amalemba kumene pulogalamuyo inachokera, ndipo yochokera kunja kwa Play Store imaonekera pamenepo. Chachitatu, batani lake: mapulogalamu enieni a foni kawirikawiri amangolola Disable, pamene oikidwa ndi munthu amalola Uninstall. Samalani kuti musachotse zofunika, pakuti pali mapulogalamu enieni a Google amene mayina awo amafanana ndi achinyengowa. Ngati mukukayika, lembani dzina lonselo mu Google pa foni ina muone zimene ena apeza.

Kenako tsegulani Accessibility. Gawo limeneli linapangidwira anthu amene ali ndi vuto la maso, makutu kapena manja, ndipo n'chifukwa chake pulogalamu imene yalembetsedwa mmenemo imatha kuwerenga zonse zolembedwa pa sikirini ndi kudina mabatani m'malo mwa mwini foni. Mphamvu yomweyo ikagwera m'manja olakwika ndi yoopsa kuposa chilolezo cha kamera chenichenicho, chifukwa pulogalamu ikhoza kudzipatsa yokha zilolezo zina, kuwerenga mauthenga anu a WhatsApp pamene mukuwatsegula, ndi kuona zimene mukulemba pa sikirini, zimene zikuika pangozi ngakhale ndalama zanu za Airtel Money, Mpamba kapena kubanki. Pansi pa Downloaded apps kapena Installed apps muyenera kupeza zodziwika monga TalkBack ndi Select to Speak, ndipo kwa munthu amene sazigwiritsa ntchito ziyenera kukhala zozimitsa. China chilichonse choyatsidwa chimene simukuchidziwa ndi chizindikiro champhamvu.

Lembaninso mawu akuti device admin m'kabokosi kofufuzira. Pulogalamu imene ili pa mndandanda wa Device admin apps siichotseka mpaka itachotsedwa kaye pa mndandandawo, ndipo n'chifukwa chake akazitape amakonda kuilembetsa pamenepo. Zoyenera kupezeka ndi chida cha Google chopezera foni yotayika, pulogalamu ya kuntchito ngati foniyo ndi ya ofesi, ndi pulogalamu yotsekera foni ngati munaitenga pa ngongole yolipira pang'onopang'ono. Onaninso Notification access, kumene pulogalamu imaloledwa kuwerenga mauthenga onse obwera, ndi Install unknown apps, kumene Chrome, WhatsApp, Xender ndi pulogalamu ya mafayilo ziyenera kukhala zoletsedwa kuika mapulogalamu ena.

Pomaliza pa gawoli, tsegulani Play Store, dinani chithunzi chanu pamwamba, musankhe Play Protect, muyambitse Scan. Chida chimenechi, chimene chimafufuza mapulogalamu oipa m'foni, Google inachikhazikitsa mu 2017 ndipo chimabwera chili choyatsa kale. Mukachipeza chozimitsa pamene inu simunachizimitse, dziwani kuti pali dzanja limene linadutsapo, chifukwa kuzimitsa Play Protect ndi chinthu choyamba chimene oika mapulogalamu aukazitape amauzidwa kuchita. Kumbukiraninso kuti si kazitape aliyense amagwiritsa ntchito pulogalamu yoletsedwa. AnyDesk, TeamViewer ndi AirDroid ndi mapulogalamu ovomerezeka oyendetsera foni uli patali, Play Protect sawaona ngati oipa, koma ngati ali m'foni mwanu inu musanawaike ndiye kuti wina anali ndi cholinga.

Kwa eni iPhone ntchito ndi yaifupi. Pitani pa Settings, General, VPN and Device Management, muone ngati pali profile (fayilo imene imapatsa ena mphamvu yosintha makonzedwe a foni) imene simukuidziwa. Fufuzani mayina akuti Cydia ndi Sileo, amene kupezeka kwawo kumasonyeza kuti zotchinga za foniyo zinathyoledwa. Kuyambira pa iOS 16 palinso Safety Check, pansi pa Privacy and Security, imene imakuonetsani anthu ndi mapulogalamu amene mukugawana nawo zinthu zanu, n'kukulolani kuwadula onse nthawi imodzi.

Gawo lachisanu: batire, kutentha ndi data

Anthu ambiri amayambira pa zizindikiro zimenezi, koma ine ndaziika kumbuyo dala chifukwa zimanamiza. Batire lakalamba limatha msanga, foni imatentha ikakhala padzuwa kapena pamene netiweki ili yofooka, ndipo bandulo imadyedwa ndi TikTok ndi mavidiyo a Facebook. Zizindikirozi zimathandiza pokhapokha mutaziona pa pulogalamu imodziimodzi. Pa Settings, tsegulani Data usage muone kuchuluka kwa data imene pulogalamu iliyonse yadya, makamaka pa mzere wa Background. Mavidiyo ndi olemera, ndipo pulogalamu imene ikuwatumiza mobisa imasiya chiwerengero chachikulu pa dzina lake. Onaninso za Wi-Fi, pakuti mapulogalamu ena amadikira Wi-Fi kuti mwini foni asaone bandulo ikutha. Pa Battery usage muone ngati dzina lomwelo likubweranso pamwamba.

Ndinenepo za manambala amene amafalitsidwa m'magulu a WhatsApp. Kuimba *#21# sikuonetsa ngati foni yanu ili ndi kazitape. Kumangosonyeza ngati mafoni obwera akupatutsidwira ku nambala ina, ndipo ##002# imathetsa kupatutsako. Zimenezi n'zothandiza pa nkhani yakeyo, koma za kamera sizikuuzani kalikonse.

Gawo lachisanu ndi chimodzi: maakaunti

Kawirikawiri munthu amene akuti wina akumuona pa kamera amakhala kuti vuto lake lili kwina. Zithunzi zimene amajambula yekha zimakwera ku Google Photos kapena iCloud, ndipo wina amene akudziwa mawu achinsinsi a akauntiyo akuziona pa foni yake popanda kuika pulogalamu iliyonse. Izi zimachitika mosavuta kwathu kuno, kumene akaunti ya Gmail nthawi zambiri imatsegulidwa ndi wogulitsa foni, m'bale kapena chibwenzi, ndipo mwini foni sasintha mawu achinsinsi amene anamupangira. Pitani pa Settings, Google, Manage your Google Account, Security, muone Your devices, mutulutse foni kapena kompyuta iliyonse yachilendo. Onani nambala ndi imelo zobwezeretsera akaunti ngati zili zanu. Mu Google Photos onani Partner sharing ndi ma albamu ogawana. Pa WhatsApp tsegulani Linked devices, chifukwa munthu akagwira foni yanu kwa mphindi imodzi akhoza kulumikiza kompyuta kapena foni yake n'kumawerenga zonse, kuphatikizapo zithunzi. Tulutsani chilichonse chimene simukuchidziwa, kenako yatsani Two-step verification, chitetezo chowonjezera chimene chimaletsa wina kulembetsa nambala yanu pa foni yake.

Gawo lachisanu ndi chiwiri: kuchotsa

Mukatsimikiza kuti mwasunga umboni ndipo kuchotsako sikukuikani pachiswe, yambani ndi mawu achinsinsi. Asintheni pa foni kapena kompyuta ina yodalirika, chifukwa mukawasintha pa foni yolondedwa kazitape adzaona atsopanowo. Yambani ndi imelo, popeza ndiyo kiyi wa maakaunti ena onse, kenako Facebook, banki, ndi nambala yachinsinsi ya ndalama za pa foni.

Pa foni yokayikitsayo, zimitsani pulogalamuyo pa Accessibility ndi pa Device admin apps, kenako dinani Uninstall. Ikakana, kapena Settings ikamadzitseka yokha mukafika pa tsamba lake, lowani mu Safe mode, mmene mapulogalamu onse oikidwa ndi munthu amagona. Pa mafoni ambiri mumagwira batani lozimitsira, kenako mumagwira chala pa mawu akuti Power off mpaka mawu akuti Safe mode atatuluka. Muli mmenemo chotsani pulogalamuyo, kenako zimitsani ndi kuyatsanso foni.

Njira yodalirika kwambiri ndi kufufuta foni yonse kuti ibwerere mmene inachokera kufakitale. Sungani kaye zithunzi, manambala a anthu ndi zikalata, ndipo onetsetsani kuti mukukumbukira imelo ndi mawu achinsinsi a akaunti ya Google imene ili m'foniyo, apo ayi idzakukanani ikadzuka. Pa mafoni ambiri njira ndi Settings, System, Reset options, Erase all data. Ikadzuka musabwezeretse mapulogalamu onse nthawi imodzi kuchokera pa zosungidwa zakale, koma muike limodzilimodzi kuchokera ku Play Store. Foni imene inathyoledwa mpaka mizu, imene akatswiri amati ndi ya root, ikhoza kusunga kazitapeyo ngakhale itafufutidwa, ndipo imeneyo imafunika kufulashidwa ndi mapulogalamu enieni a kampani yake kumalo ovomerezeka.

Kutseka makomo

Khomani foni ndi nambala ya madijiti 6 kapena kuposerapo, imene si chaka chanu chobadwa, ndipo ikani kuti izidzikhoma yokha pakatha masekondi 30. Onani mndandanda wa zala zolembetsedwa pa Fingerprint muchotse chala chimene si chanu. Ndikudziwa kuti m'mabanja ambiri kukana kupereka nambala yotsegulira foni kumaoneka ngati kubisa chibwenzi, ndipo nkhani imeneyo banja lililonse limakambirana mwa njira yake. Koma kuonetsana foni poyera ndi kuika chida chojambula munthu mobisa ali kuchipinda ndi zinthu ziwiri zosiyana kotheratu. Makolo ofuna kuyang'anira ana aang'ono ali ndi Google Family Link, imene imagwira ntchito mwana akudziwa.

Siyani mapulogalamu osinthidwa monga GBWhatsApp ndi WhatsApp Plus. Ndikumvetsa chimene chimakopa: kuwerenga mauthenga ofufutidwa, kubisa kuti muli pa intaneti, mitundu yokongola. Koma chikomekome cha nkhuyu m'kati muli nyerere. Mapulogalamuwa sapezeka pa Play Store, eni WhatsApp amachenjeza kuti ndi osavomerezeka ndipo akhoza kutseka akaunti yanu, ndipo inu mumawapatsa ndi manja awiri kamera, maikolofoni ndi zithunzi zonse, osadziwa amene anawasoka. Chimodzimodzi fayilo iliyonse yothera ndi .apk (mtundu wa fayilo yoikira pulogalamu m'foni) imene yabwera pa WhatsApp kapena Telegram, kaya yatchedwa kalata yaukwati, fomu ya ntchito, ngongole yachangu kapena mpira waulere. Zida monga SpyNote ndi AhMyth, zimene zimapatsa wakuba mphamvu yoyatsa kamera ali patali, zimafalitsidwa m'njira imeneyi.

Musanyalanyaze uthenga wa Software update. N'zoona kuti umadya bandulo, koma ndi umene umatseka zolakwika ngati zija za 2019, ndipo mukhoza kudikira pamene pali Wi-Fi. Zaka za foni nazonso zili ndi kanthu: kuyambira pa Android 9 ya 2018, pulogalamu imene yagona kumbuyo siloledwa kuyatsa kamera mwakachetechete, choncho foni yakale kuposa pamenepo ili ndi mpanda waufupi, ndipo ndi bwino kusaisungiramo zinthu zachinsinsi. Foni yogwiritsidwapo kale ntchito, kaya mwagula pamsika, kaya yatumizidwa ndi m'bale kuchokera ku South Africa, kaya ndi mphatso, ifufuteni yonse musanalowetsemo akaunti yanu. Mukapita nayo kokonzetsa, chotsani simu khadi ndi memori khadi, musapereke nambala yotsegulira ngati vuto ndi sikirini kapena pochajira, ndipo ngati ndi Samsung yatsopano yatsani Maintenance mode, imene imabisa zinthu zanu kwa wokonzayo.

Mafoni ambiri a Android 12 kupita m'tsogolo ali ndi mabatani a Camera access ndi Mic access pa mndandanda wotsika mukakokera sikirini pansi. Mukazimitsa Camera access, mapulogalamu onse amangoona mdima mpaka mutayatsanso. Kumata kapepala pa kamera yakutsogolo ndi njira yachikale koma yosagonjetseka, bola mukumbukire kuti kapepalako sikatseka maikolofoni. Ndipo palibe chimene mumataya mukazolowera kusiya foni kunja kwa bafa, kapena kuiika m'dirowa pamene mukuvala.

Ngati ndinu mtolankhani, loya, wandale kapena womenyera ufulu

Pali mtundu wina wa zida umene malangizo a pamwambawa sangaugwire. Pegasus, yopangidwa ndi kampani ya NSO Group ya ku Israel ndi kugulitsidwa kwa maboma, inatulukiridwa poyera mu 2016 ndi Citizen Lab ya pa yunivesite ya Toronto, itatumizidwa kwa womenyera ufulu wa ku United Arab Emirates, Ahmed Mansoor. Imatha kuyatsa kamera ndi maikolofoni, ndipo mitundu yake ina imalowa mwini foni asanadine kalikonse: mu 2019 WhatsApp inanena kuti anthu pafupifupi 1,400 anafikiridwa kudzera pa kuimbiridwa chabe, ngakhale osayankha. Lipoti la Citizen Lab la 2018 linatchula mayiko 45 kumene zizindikiro za chidachi zinaoneka, ndipo Zambia ndi South Africa anali pa mndandandawo. Zida zimenezi ndi zodula kwambiri ndipo sizitayidwa pa munthu wamba, koma ngati ntchito yanu imakhudza anthu amphamvu, yatsani Lockdown Mode pa iPhone kapena Advanced Protection pa Android 16 (zonsezi ndi njira zokhwimitsira chitetezo cha foni), muzizimitsa ndi kuyatsanso foni kawirikawiri chifukwa zida zina zimafa foni ikazima, ndipo mukalandira chenjezo lochokera ku Apple, Google kapena WhatsApp musafufute foniyo. Funani akatswiri a Security Lab ya Amnesty International, kapena a Digital Security Helpline ya Access Now, amene amathandiza anthu otere kwaulere.

Wina akati wakujambulani ndipo akufuna ndalama

Kuyambira mu 2018 kwakhala kukufalikira maimelo onena kuti wolembayo anayatsa kamera yanu, anakujambulani muli maliseche, ndipo atumiza vidiyoyo kwa abale anu mukapanda kulipira pa Bitcoin. Ena amaikamo mawu anu achinsinsi akale kuti mukhulupirire, koma mawuwo amakhala atatengedwa pa mindandanda yobedwa ku mawebusaiti ena, ndipo uthenga womwewo umatumizidwa kwa anthu miyandamiyanda. Musayankhe ndipo musalipire. Sinthani mawu achinsinsiwo paliponse pamene mukuwagwiritsabe ntchito.

Zimasiyana ngati woopsezayo wakuonetsani chithunzi chenicheni. Ngakhale pamenepo musalipire, chifukwa wolandira kamodzi amabweranso. Jambulani mauthenga onse, nambala kapena dzina la akaunti yake, ndi tsiku, kenako mumuletse kukulemberani. Kwa akuluakulu pali tsamba la StopNCII.org, ndipo kwa amene anajambulidwa asanakwanitse zaka 18 pali Take It Down. Onsewa amapanga chidindo cha chithunzicho popanda chithunzi chenichenicho kuchoka m'foni mwanu, kuti Facebook, Instagram, TikTok ndi ena ogwirizana nawo achizindikire n'kuchitsekereza.

Ku Malawi, gawo 21 la malamulo aakulu a dziko limapatsa munthu aliyense ufulu wosunga chinsinsi chake, kuphatikizapo mauthenga ake, ndipo lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 limaletsa kulowa m'zipangizo ndi m'mauthenga a munthu popanda chilolezo, kumulonda ndi kumuzunza pa intaneti. Mukhoza kukadandaula kupolisi, kumene kuli Victim Support Unit, kapena ku Malawi CERT, nthambi yoona za chitetezo cha pa intaneti imene ili pansi pa MACRA. Nambala yaulere ya 116 ndi ya nkhani za ana, ndipo 5600 ndi ya nkhanza za pakati pa amuna ndi akazi. Popita kukadandaula tengani foniyo isanafufutidwe, zithunzi zimene munajambula ndi foni ina, dzina la pulogalamu imene munapeza, ndi pepala limene mwalembapo masiku ndi nthawi zimene kamera inayatsidwa inu musakudziwa.